Chingwe chimene atsibweni anasiya m'paipi

Mwezi wathawu mwana wanga woyamba anandiimbira foni ine ndili kudimba. "Ababa, tabwerani ku ofesi kuno mudzaone." Mtima unagunda, chifukwa mwana ameneyu saitana munthu popanda nkhani. Ndinasiya khasu pompo, n'kukwera njinga matope ali m'miyendo.

Nditafika ndinapeza mnyamata amene tinamuitana kuti atiikire mafoni atsopano oyendera intaneti ali pamakwerero, mutu uli m'siling'i. Atatsika anandionetsa kachingwe ka nayiloni kotuluka m'paipi, kotuwa ndi fumbi.

"Bambo, anagwira ntchito muno ndani? Paipi iliyonse ili ndi chingwe chokokera waya. Ntchito imene ndimati inditengera masiku atatu ndimaliza lero lomwe."

Sindinamuyankhe msanga. Ndinayamba ndakhala pathumba la fetereza. Chingwe chimenecho anachisiya ndi atsibweni anga m'chaka cha 2011, ndipo eni akewo anatisiya kale.

Atsibweni, mlongo wawo wa mayi anga, ankagwira ntchito ya lamya kuyambira nthawi imene positi ndi lamya zinali nyumba imodzi. Ana a masiku ano sadziwa kuti ziwirizi anachita kuzilekanitsa m'chaka cha 2000, pamene kunabadwa MTL ndi Malawi Posts Corporation. Pamene ine ndinkakula, m'zaka za m'ma 1980, Kasungu inali ya maesiteti a fodya. Kunali minda ya General Farming, kampani ya Press, kunalinso alimi a fodya wootcha a pansi pa KFCTA. Lamya unkaipeza ku boma, ku chipatala, ku polisi ndi m'maofesi akuluakulu basi. Mawaya ake ankayenda pamapolo m'mbali mwa msewu, ndipo mwana amene ali ndi mbale wokwera mapolo amenewo ankayenda monyada. Ine ndinali mmodzi wa ana oterowo.

Ankayenda ndi chikwama chachikopa. M'katimo munkakhala pulayala, kafoni kokhala ndi timano tiwiri toluma waya, kachitsulo kolowetsera waya kotchedwa Krone, dzina la kampani ya ku Germany imene inkapanga zipangizozo, komanso kope. Kope silinkasowa. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuti lamya yapansi imayenda pa timawaya tiwiri tokha ta mkuwa, ndiponso kuti mphamvu yake, mavolti pafupifupi 48, imachokera ku mabatire a ku ekisichenji. N'chifukwa chake magetsi akazima lamya inkayankhulabe. Tsiku lina anandiuza kuti ndigwire timawaya tiwiri, kenaka munthu wina anaimba. Ndinadumpha ngati ndalumidwa ndi linthumbu. Iwo anangoseka. "Wamva, mphwanga? Ikamaitana mphamvu imakwera. Waya usamaudelere."

Kenaka kunabwera mafoni a m'manja. TNM inayamba mu 1995, Celtel mu 1999, imene inadzakhala Zain, kenaka Airtel mu 2010. Nthawi yomweyo akuba anazindikira kuti mkuwa uli ndi msika, ndipo anayamba kudula mawaya a lamya usiku m'madera ambiri a dziko lino. Atsibweni anapuma pantchito n'kubwerera kumudzi kwathu kwa Wimbe. Chikwama chija anachipachika pamsomali. Ife tinkaona ngati luso lawo latha ntchito pamodzi ndi mapolo aja.

Mu 2010 ine ndi mayi a kunyumba tinatsegula kaofesi pa Kasungu boma. Tinkagulitsa zipangizo zaulimi, komanso tinali ndi lole imodzi yonyamulira mabelo a makalabu a alimi kupita ku okushoni ya Chinkhoma, kumwera kwa boma m'mbali mwa msewu wa M1. Tinkafuna kuoneka ngati anthu okhazikika, anthu oti mlimi angawasiyire thukuta lake la chaka chonse. Choncho tinatenga mizere iwiri ya lamya yapansi, n'kugula kabokosi kogawa mafoni kotchedwa PABX, kuti pakhale foni pakauntala, ina muofesi yanga, ina kwa mayi owerengera ndalama, ina kunyumba yosungira katundu kuseri. Nambala ya mzere woyamba tinaidinditsa pamalisiti onse ndi pachitseko cha lole.

Wotiikira mawaya m'katimo ndinamupeza ndekha. Anatchula mtengo wotsika, ine ndinatsitsanso, iye anavomera. Anabwera m'mawa, pofika madzulo mafoni onse anayi akulira. Ndinamugulira ndi Fanta yemwe.

Patapita milungu ingapo atsibweni anabwera ku boma kudzalandira penshoni, n'kudutsa pa ofesi. Ndinawaonetsa mafoni aja monyadira. Iwo sanayang'ane mafoni. Anayang'ana khoma, anayang'ana kudenga, anasuzumira kuseri kwa kabati.

"Wakuikira ndani zimenezi?"

"Mnyamata wina wake. Koma ikuyankhula bwinobwino, atsibweni."

"Ngakhale woledzera amayankhula," anatero, n'kutenga chipewa chawo.

Ndinakhumudwa. Madzulo ndinauza mayi a kunyumba kuti akuluakuluwa zimawavuta kuvomereza kuti dziko linawadutsa. Iwo anangoti, "Bambo, bwanji osawafunsa chimene aonacho?" Sindinawafunse.

Amene munalipo mu 2011 mukukumbukira mmene zinthu zinalili. Mafuta a galimoto ankasowa, anthu ankagona pamizere ya pa filling station. Ku okushoni mitengo ya fodya inali yolira nayo, ndipo mabelo ambiri ankabwezedwa. Munthu wa lole ngati ine ankawerenga dizilo ndi madontho. Ulendo uliwonse unkayenera kubwerera ndi katundu.

Mlungu wina wa mwezi wa April ndinapita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130, kukasaka dizilo. Ndinakhala pamzere masiku atatu. Foni yanga ya m'manja inatha moto tsiku lachiwiri. Nditabwerera ndinafunsa mtsikana wa pakauntala ngati kunali uthenga. "Ayi bwana, mlungu uno kuli zii. Palibe waimba." Ndinanyamula foni, ndinamva kulira kwake kwa masiku onse, ndinaimba kwa mnzanga wina, inadutsa. Ndinati basi zonse zili bwino.

M'mawa mwake ndinatumiza lole ku Chamama monga tinapanganirana ndi kalabu ya kumeneko. Inabwerako madzulo yopanda belo ngakhale limodzi. Wapampando wa kalabuyo anali ataimba kambirimbiri kutiuza kuti tisabwere, jeke yodindira mabelo yathyoka, fodya sanamangidwe. Pamene lole inkawotcha dizilo kupita ku Chamama, kalabu ina ya ku Santhe inali itaunjika mabelo ake pamsewu. Iwonso anali ataimba masiku awiri kutiuza kuti tsiku lawo lolowetsa fodya lasunthidwa, layandikira. Tsikulo linawadutsa.

Ndinathamangira ku kampani ya lamya ndili wolusa. Anayeza mzere wawo, n'kupeza kuti uli bwino mpaka pakhoma la nyumba yathu. "Vuto lili m'kati mwanu, bambo." Mnyamata uja ndinamusaka osamupeza. Usiku umenewo mayi a kunyumba sanandinene. Anangoika ndalama ya minibasi patebulo n'kunena kuti, "Kwa Wimbe si kutali."

Atsibweni ndinawapeza akusoka mphasa. Ndinafotokoza zonse nditazolika. Sananene kuti ndinakuuza. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chikwama chija.

Atafika pa ofesi anayamba ndi kundifotokozera chimene chinatinyenga. Kulira kumene munthu woimba amamva m'khutu mwake sikuchokera ku foni yanu, kumachokera ku ekisichenji. Waya ukaduka m'nyumba mwanu, iye amamvabe kuti ikuitana, pamene kwa inu kuli chete. Ife mzere woyamba, wa pamalisiti uja, unali utaduka. Wachiwiri unali wamoyo, ndipo kabokosi kaja kankatitulutsira pa umenewo tikamaimba. Tinali ngati munthu wogontha khutu limodzi amene sakudziwa kuti akuitanidwa.

Kenaka anandikweza m'siling'i. "Lowa wekha, uone ndi maso ako." Zimene ndinaona ndi tochi zinandichititsa manyazi. Mawaya anali atangoponyedwa pamwamba pa mabolodi ngati mpiru wotayidwa. Pena anali atakhomeredwa ndi misomali yopinda imene inaboola chikopa cha waya. Polumikiza anangopota ndi zala n'kukulunga ndi kajumbo ka shuga, ndipo mkuwa unali utachita dzimbiri lobiriwira. Kwa mtunda wautali waya wa foni anaumangirira pamodzi ndi waya wa magetsi, n'chifukwa chake mafoni athu ankang'ung'udza ngati muli njuchi, ife n'kumati ndi mmene lamya imakhalira. Pakona, pafupi ndi pamene tinkaunjika matumba a mbewu, makoswe anali atatafuna waya mpaka kuudula.

Kunja anandionetsa zina. Waya wochokera papolo unkatsetsereka molunjika kulowa pabowo la khoma, moti mvula ikagwa madzi ankautsatira mpaka m'bokosi. Panalibe waya wopita m'nthaka, panalibenso kachipangizo koteteza ku mphenzi, chonsecho kuno kuchigwa, kopanda mitengo yambiri, polo ndi nyumba ya malata ndizo zimaima pamwamba. Kabokosi kolumikizira kanali kuseri kwa nyumba, pamsinkhu woti ngakhale mwana afikepo, kopanda loko. Anatulutsa kafoni kawo ka timano kaja, n'kuluma mawaya awiri, n'kundipatsa kuti ndimve. Mzere wathu unali m'khutu mwanga, ndili panja. "Aliyense wodziwa akhoza kuimba pano usiku, bilu n'kubwera kwa iwe. Akhozanso kumvetsera ukamakambirana za ndalama za alimi."

Ndinafunsa kuti tingolumikiza podukapo kapena bwanji.

"Mphwanga, iwe ndi mwana wa mlimi wa fodya. Ukapeza kuti m'belo mwalowa pulasitiki, umangochotsa kamene waonako n'kusokanso?"

"Ayi, timamasula lonse."

"Nanga ukufunsiranji?"

Ntchitoyo inatenga masiku anayi, ine ndili wothandizira. Anayamba ndi kujambula nyumba yonse m'kope latsopano, chipinda ndi chipinda, asanagwire waya uliwonse. Anandituma kukagula mapaipi apulasitiki, timabokosi ta pakhoma ndi kabati kakang'ono kachitsulo kokhala ndi loko. Waya uliwonse unalowa m'paipi, ndipo kukamwa kwa paipi ankatseka kuti khoswe asapeze polowera. Njira ya mawaya a foni anaipatula ndi ya magetsi, motalikirana masentimita 30 kapena kuposa, ndipo pamene zinkayenera kukumana ankazidutsanitsa mopingasa, osati kuyenda limodzi. Pakona sankathyola waya, ankaukhotetsa pang'onopang'ono. Pomanga sankafinya. Ankati waya womangidwa mothina uli ngati mbuzi yomangidwa pakhosi, imafa mwini wake akuona ngati waisamala.

Kuchokera pakabati kupita ku foni iliyonse ankafuna waya umodzi wathunthu, wopanda mfundo pakati. Zolumikiza zonse zinkachitikira malo amodzi, m'kabati, pogwiritsa ntchito kachitsulo ka Krone kaja, kamene kamakankhira waya pakati pa timano n'kudula nsonga yotsala nthawi imodzi. Mitundu ya mawaya ankaitchula ngati mayina a ana awo: buluu, olenji, girini, bulauni, gireyi, uliwonse ndi mnzake woyera. Anandiuza kuti ndondomeko imeneyi amisiri a lamya amaidziwa m'mayiko ambiri, kotero munthu wochokera kutali akatsegula kabati amawerenga ngati kalata. Anandionetsanso chifukwa chake timawaya tiwiritiwiri timakhala topotana: kupotanako kumachepetsa phokoso lochokera kunja, ndiye posenda usamasule kwambiri.

Panja anapinda waya kuti utsike pang'ono usanakwere kulowa pabowo, madzi azidontha pansi. Anakhoma ndodo yamkuwa m'nthaka pamalo osauma msanga, n'kuikapo choteteza ku mphenzi. Kabokosi kakunja anakakweza pafupi ndi denga n'kukatseka. Waya wopita kunyumba ya katundu, umene mnyamata uja anangoukwirira ndi dothi la chikhatho chimodzi, tinaukumbira ngalande yofika m'bondo, tinaulowetsa m'paipi, pamwamba pake n'kuyala zidutswa za njerwa kuti wobwera ndi khasu adzagunde njerwa kaye. Kabokosi ka PABX anakalumikiza ku batire, chifukwa iko kamadya magetsi a m'nyumba, ndipo magetsi akazima mafoni onse amafa ngakhale mzere uli wamoyo.

Chimene chinanditopetsa kwambiri chinali kulemba. Waya uliwonse ankaumata kapepala kumbali zonse ziwiri, nambala yomweyo kukabati, nambala yomweyo kukhoma, kenaka n'kulemba m'kope. Tsiku lachitatu dzuwa litapendeka ndinadandaula.

"Atsibweni, mafoni ndi anayi okha. Ndingaiwale anayi?"

"Sindikulembera iwe."

"Nanga mukulembera yani?"

"Amene adzabwere iwe ndi ine kulibe."

Ndi tsiku lomwelo pamene ndinawaona akulowetsa kachingwe ka nayiloni m'paipi iliyonse pambali pa waya, n'kukamangirira kunsonga. Anati tsiku lina kudzabwera waya wa mtundu wina, ndipo munthu asadzagumule khoma kapena kukwawa m'siling'i. Adzangomanga waya watsopano kuchingwe n'kukoka. Ndinaseka chamumtima. Ndinkaganiza kuti waya wina uti, dziko lonse likupita ku mafoni a m'manja?

Atamaliza anandipatsa kiyi wa kabati ndi kope lija, n'kundiuza lamulo limodzi: m'mawa uliwonse, musanatsegule chitseko, wina aimbe nambala ya ofesi ndi foni ya m'manja, amve ndi khutu lake kuti yalira. Ndalama anakana. Anangopempha thumba limodzi la fetereza. Nditawerengera zonse, mapaipi, kabati, batire ndi feterezayo, sizinafike pa mtengo wa dizilo amene lole inawotcha pa ulendo wopanda kanthu uja.

Koma dizilo si chimene chimandipweteka ndikakumbuka. Loweruka lotsatira ndinapita ku Santhe kukapepesa. Alimi anakhala pansi pa mtengo wa mango, ine n'kufotokoza za makoswe ndi mawaya. Ena anaseka, ena anangoyang'ana pansi. Panali mayi wina wamasiye amene anali ndi mabelo anayi. Chifukwa tsiku lija linawadutsa, anadikira milungu ina, ndipo mwana wawo wa ku sekondale ankafunika fizi. Belo limodzi anagulitsa kwa mavenda pamtengo wongotaya. Mayiwo sanakalipe. Anati, "Bambo, ife tinkachita kukwera pachulu kuti tipeze netiweki, mayunitsi ake obwereka. Tinkamva ikuitana. Tinkati kapena mwatopa nafe amphawife."

Mawu amenewo anandilasa kuposa kutukwanidwa. Kwa iwo kunalibe khoswe, kunalibe jumbo ya shuga. Kunali ine, munthu amene anadinda nambala palisiti n'kulonjeza kuti akaimba ndiyankha. Ndinawanyamulira mabelo otsalawo ulere, koma belo logulitsidwa lija silinabwerere. Kalabu imeneyo chaka chotsatira inapita kwa wa lole wina, ndipo sindinaidandaule.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kaonedwe ka ntchito. Ndinazindikira kuti ndinkalipira zooneka ndi maso zokha: chikwangwani chokongola, utoto wa pakhoma, foni yonyezimira pakauntala. Zimene zili kuseri kwa khoma ndinkafuna zotchipa, poti palibe amaziona. Chonsecho mlimi aliyense wa kuno amadziwa kuti wogula fodya sakhulupirira masamba apamwamba, amasolola a m'kati mwa belo. Nayonso mvula, khoswe ndi mphenzi zimasolola za m'kati.

Atsibweni anamwalira patapita zaka zingapo, maso atayamba kale kuchita khungu. Mizere yapansi ija tinadzaisiya, monga anachitira ambiri. Ofesi tsopano akuyendetsa ndi mwana wanga uja, ndipo ndi iye amene anaganiza zoika mafoni oyendera intaneti, oti foni ndi kompyuta zizidyera m'mbale imodzi. Ine ndinkaganiza kuti za mawaya zinatha. Mnyamata wa pamakwerero uja anandiseka. Anati ngakhale Wi-Fi ili ndi waya kumbuyo kwake. Anandionetsa waya wake watsopano: m'kati muli timawaya 8, topotana tiwiritiwiri, buluu, olenji, girini, bulauni. Anati waya umenewu suyenera kupitirira mamita 100, sufuna kuthyoledwa pakona, sufuna kufinyidwa, sufuna kugona pamodzi ndi wa magetsi. Ndinkangogwedeza mutu. Zonsezo ndinazimva kale, kuchokera kwa munthu amene sanagwirepo kompyuta.

Mwana wanga anatulutsa kope lija m'kabati. Mapepala achita chikasu, koma zolemba za atsibweni zikuwerengeka: nambala 1, kauntala, nambala 4, nyumba ya katundu, paipi yadutsa kumanzere kwa mpopi, pali njerwa pamwamba. Mnyamatayo anatsatira zimenezo osafunsa munthu.

Inu amene mukutsegula kagolosale, kachipatala, sukulu ya mkaka kapena ofesi ya kalabu, mmisiri akamaliza ntchito musamangonyamula foni n'kumva kuti ikulira. M'pempheni akuonetseni kumene waya wadutsa. Funsani ngati uli m'paipi, ngati watalikirana ndi wa magetsi, ngati bokosi lili ndi loko, ngati walemba manambala. Wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso amenewa, amakondwa. Ndipo mukamanenerera mtengo, muzikumbukira kuti chimene mwadulapo iye akachichotsa pamalo amene inu simukuona.

Dzuwa likulowa, mnyamata uja anamanga waya wake kuchingwe cha atsibweni kuti ayambe kukoka paipi yomaliza. Ndinamugwira mkono.

"Achimwene, chingwechi chikatuluka, m'paipimo mutsala chiyani?"

Anandiyang'ana, kenaka anaseka. Ndinatuma mwana kugolosale kukagula nayiloni watsopano, tinamumangirira pamodzi ndi waya, n'kukoka zonse ziwiri. Mwana wanga anatenga cholembera, anatsegula tsamba lotsatira la kope lija, n'kulemba deti.